Momwe mungayambire kuwerenga mbalame ku Chilwa

Anzanga, ngati mukufuna kuona ndi maso anu mmene nyengo ikusinthira, pitani ku nyanja ya Chilwa mukawerenge mbalame. Nyanjayi ndi malo oyamba m'Malawi muno kulowa pa mndandanda wa Ramsar (wa madambo ndi nyanja zofunika kutetezedwa pa dziko lonse), koma ndi yosaya kwambiri, mvula ikangovuta imaphwa, inaumapo mu 1995 komanso mu 2018, ndiye madzi akachoka mbalame nazonso zimasamuka.

Lawirani m'mamawa, cha m'ma 5 koloko mukhale mwafika pa doko la Kachulu ku Zomba. Tengani kope, bolopeni, chipewa, mabainokyula ngati muli nawo, koma ngakhale opanda zimatheka ndithu. Zovala zowala zisiyeni kunyumba.

Chachikulu nchakuti musankhe malo amodzi nkumabwerera pomwepo mwezi ndi mwezi, nthawi yomweyo, kwa ola limodzi basi, apo ayi manambala anuwo sangafananizidwe. Lembani deti, pomwe madzi afika (ine ndimayang'ana mtengo umodzi womwewo), kenako mtundu ndi kuchuluka: akakowa angati, atsekwe angati, nkhwazi, vuwo, nantchengwa. Gulu likakhala lalikulu werengani khumi kaye, kenako muziyeza ndi maso makumi makumi.

Mbalame yomwe simukuidziwa musaipekere dzina chonde, ijambuleni pa foni mufunse asodzi, amazidziwa heavy. Ndipo musayandikire zisa mu milulu, mayi akathawa mazira amapsa ndi dzuwa, zimandiwawa ndikaona anthu akutero chifukwa cha chithunzi.

Mukafika pa netiweki ikani zonse pa eBird, webusaiti yomwe anthu amalembapo mbalame zomwe aona, ndi yaulere, ofufuza amazigwiritsa ntchito.