Musanagule anapiye, konzani khola kaye

Abale amene mukufuna kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba kuno ku Harare, kaya ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa, yambani mwafunsa ku khonsolo chiwerengero chomwe amalola pakhomo limodzi. Ngati mumachita lendi, auzeninso eninyumba. Fungo la zitosi limadanitsa anthu msanga.

Khola likhale pamalo okwera, kuti madzi a mvula ya mu Januwale asalowe. Kutalika kwake kulunjike kum'mawa ndi kumadzulo, dzuwa lisamaombe m'kati. M'munsi mangani njerwa kufika m'mawondo, pamwamba pake waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti mpweya uzidutsa. Wa mabowo aakulu ndi wotsika mtengo, inde, koma makoswe ndi mpheta amangolowa n'kumadya chakudya. Pansi thirani utuchi wouma. Mabroila, nkhuku zowetera nyama, asapitirire khumi pa sikweya mita imodzi.

Pamene ambiri amalira ndi pa kutentha. Sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julaye kuno sumasewera. Musadalire babu lokha, magetsi amathima. Khalani ndi mbaula, koma makala ayake bwino panja musanalowetse, ndipo musatseke ponseponse. Ayang'aneni anapiyewo: akaunjikana pamodzi akuzizidwa, akathawira m'mbali atenthedwa.

Kwa ine, oyamba kumene atenge anapiye 25 basi, kwa ogulitsa odziwika bwino monga kampani ya Irvine's. Pogulapo funsani masiku a katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro, muwalembe pakhoma la kholalo.