Masiku akutha ku Joni: kutulukira ku Eswatini nkubwerera kungathandize?

Mwafunsa ngati mungakadutse pa chipata cha Oshoek (cholowera ku Eswatini) kapena cha Lebombo (cholowera ku Mozambique), kugona usiku umodzi, nkubwerera kuti akudindireni masiku ena 30. Njira imeneyo siyenda monga anthu amanenera m'mateksi.

Yambani ndi kutsegula pasipoti, muone tsiku limene analemba pa chidindo cholowera, osawerengera pamtima. Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30, koma wa pachipata atha kulemba ochepa.

Kenako sankhani kopita, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Malamulo a 2014 a South Africa amati mukatulukira m'dziko loyandikana nalo, monga Eswatini, Lesotho kapena Mozambique, mumabwerera pa chilolezo chakale chomwe chija. Ngati chatha, amakupatsani masiku 7 basi, mwinanso osakwana. Masiku atsopano athunthu amaperekedwa kwa amene akuchokera kwawo. Choncho ulendo wake ndi wa ku Malawi: Beitbridge (chipata cholowera ku Zimbabwe), Nyamapanda (cholowera ku Mozambique), mlatho wa Zambezi ku Tete, nkulowera pa Mwanza kapena Dedza. Ndi wautali, inde, komanso wodula.

Tikiti ya basi gulani yonyamuka kutatsala masiku angapo, chifukwa mzere wa pa Beitbridge utha kukudyerani tsiku. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda chidindo, ndiponso isakhale yotsala pang'ono kutha.

Pachipata chilichonse dinditsani nokha, muone chidindocho musanachoke pawindo. Zopatsira kondakitala pasipoti kuti akakudindireni zisiyeni, chidindo chabodza chimamangitsa mwini pasipoti.

Mukapyola tsiku la pa chidindo ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowa mu South Africa chaka chimodzi. Kuposa pamenepo ndi zaka zisanu.