Mmene mungasankhire vaporizer ya m'thumba yotenthetsera masamba ouma a chamba

Abale athu ambiri a kuno ku Chipata, Katete ndi Petauke amene amagwira ntchito ku Johannesburg kapena kumaiko a kutsidya kwa nyanja akhala akufunsa za kachipangizo kotchedwa vaporizer, kamene kamatenthetsa masamba ouma a chamba mpaka atulutse nthunzi popanda kuyaka moto. Amalonda a pa Facebook ndi pa WhatsApp amatamanda chinthu chimodzi chokha, chakuti kachipangizo kawo ndi kakang'ono ndipo kamabisika m'dzanja. Ine ndikuona kuti kubisikako n'koyenera kubwera pamapeto penipeni pa zoganizira, chifukwa chimene chimafika m'mapapo mwanu chimadalira kutentha kwake, zipangizo zimene anapangira njira ya mpweya, ndi batire lake.

Tisanafike kumeneko, nkhani ya malamulo iyenera kumveka bwino. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa malamulo otchedwa Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act, amene amalola kulima chamba cha mankhwala, cha kafukufuku ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusunga kapena kusuta chamba pofuna kusangalala ndi mlandu mpaka lero, ndipo a Drug Enforcement Commission amamanga anthu pa mlandu umenewu. Kuwoloka pa Mwami kulowa ku Mchinji sikusintha kanthu, pakuti lamulo la Malawi la chaka cha 2020 nalonso linatsegula khomo la ulimi wa chiphaso wokha. Ku South Africa n'kosiyana: mu September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti munthu wamkulu angathe kugwiritsa ntchito chamba pamalo ake a yekha, ndipo mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsatira chigamulocho, ngakhale kuti kugulitsana kunakhalabe koletsedwa. Ku Canada anavomereza chamba kwa akuluakulu mu October 2018. Choncho malangizo awa ndi a munthu wamkulu amene akukhala kumene lamulo likumulola. Vaporizer siichotsa mlandu, ndipo imene yagwirapo kale ntchito imakhala ndi zotsalira za chamba m'kati mwake, kotero kuti kubwera nayo kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi ndi kudziputira mavuto pachipata cha dziko.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Masamba ouma amayamba kupsa kutentha kukafika pafupifupi madigiri 230 a Celsius, pamene nsonga ya ndudu yoyaka imapitirira madigiri 800 munthu akamakoka. Koma mankhwala a m'chamba otchedwa THC, imene imaledzeretsa, ndi CBD, imene madokotala ena amaigwiritsa ntchito pa mitundu ina ya khunyu, zimachoka m'masamba pa kutentha kocheperapo, ndipo n'chifukwa chake ma vaporizer ambiri amagwira ntchito pakati pa madigiri 160 ndi 220. Pamenepo masamba amangofiira osasanduka phulusa, ndipo phula ndi mpweya woipa wa carbon monoxide zimene zimabwera ndi utsi zimachepa kwambiri. Phindu lonse la kachipangizoka lagona pa mpata wochepa umenewu, ndipo kachipangizo kolephera kukhala m'kati mwa mpatawo kangokhala kaliwo wodula.

Musasokoneze vaporizer ya masamba ndi tizipangizo tooneka ngati cholembera timene timagwiritsa ntchito mafuta a m'timabotolo. M'chaka cha 2019 ku America kunabuka matenda a m'mapapo otchedwa EVALI, ndipo pofika mu February 2020 bungwe la zaumoyo la CDC linali litawerenga anthu oposa 2,800 ogonekedwa m'chipatala ndi 68 omwalira. Ofufuza anapeza kuti vuto lalikulu linali mafuta otchedwa vitamin E acetate, amene ogulitsa mozemba ankasakaniza m'mafuta a THC kuti achuluke. Masamba mumawaona ndi maso anu ndi kuwanunkhiza, pamene za m'kabotolo mumangokhulupirira mawu a wogulitsa. Palinso tizolembera tina totsika mtengo timene amatilemba kuti ndi ta masamba ouma, koma mukatsegula mumapeza kawaya kopiringizika kali poyera pansi pa chibowo. Kawaya kameneko kamafiira n'kuyatsa masamba. Mukakaona, bwezani katunduyo pomwepo.

Choyamba kufunsa wogulitsa ndi chakuti kutentha kumasinthidwa motani. Zipangizo zabwino zili ndi kagalasi koonetsa manambala ndipo zimalola kukweza kapena kutsitsa digiri imodzi imodzi; zina zili ndi masitepe anayi kapena asanu oikidwiratu, ndipo zimenezonso n'zokwanira ngati buku lake likunena madigiri a sitepe iliyonse. Chimene sindingalangize munthu kugula ndi chija chokhala ndi batani limodzi ndi nyali zosintha mtundu popanda paliponse polembedwa kuti nyali yofiira ikuimira kutentha kotani. Pa madigiri 170 mpaka 185 nthunzi imakhala yopepuka ndiponso yosakanda pakhosi, ndipo apa ndi poyenera kuyambira. Kupitirira 200 nthunzi imakhuthala, imatentha kummero, ndipo mumakhala mukuyandikira malire a kupsa.

Chachiwiri ndi njira imene kutentha kumafikira masamba, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Njira ina imatchedwa conduction, pamene masamba amakhudzana ndi makoma otentha a kauvuni. Zili ngati kukazinga nsawa pa chiwaya: zokhudza chitsulo zimapsa msanga, zapakati zimatsalira, ndipo wokazinga akasiya kutakasa zina zimada zina zili zaziwisi. Zipangizo za mtundu umenewu, monga PAX ya ku America, zimakhala zazing'ono ndi zosavuta kugwiritsa ntchito, koma kauvuni kakatentha masamba amapitiriza kuwauka ngakhale simukukoka, motero zina zimangotayika ndipo fungo limamveka kwambiri. Njira inayo imatchedwa convection, pamene mpweya umatenthetsedwa kaye pansi kenako n'kudutsa m'masamba nthawi imene mukukoka. Masamba amafiira mofanana ndipo kakomedwe kamakhala koyera, koma pamafunika kukoka pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo, ndipo batire limatha msanga. Zipangizo zambiri zodalirika zimaphatikiza njira ziwirizi. Chitsanzo chodziwika ndi Mighty ndi Crafty za kampani ya Storz & Bickel ya ku Tuttlingen m'dziko la Germany, imene inatchuka ndi vaporizer ya patebulo yotchedwa Volcano ndipo imapanganso mitundu yovomerezedwa ngati zipangizo za chipatala. Kwa munthu amene amafuna kukoka kamodzi kapena kawiri n'kusiya, kachipangizo ka convection kotentha pokhapokha akadina batani n'koyenera kuposa kamene kamayaka mphindi zingapo mosalekeza.

Kenako yang'anani njira yonse imene mpweya umadutsa, kuyambira pa tizibowo tolowera mpaka pa kamlomo. Galasi, chitsulo chosachita dzimbiri, titanium ndi seramiki ndi zipangizo zopirira kutentha. Kampani ya Arizer ya ku Canada imagwiritsa ntchito timapaipi tagalasi timene mumathiramo masamba, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumaona ndi maso ngati mwada. Kuipa kwake n'kwakuti galasi limasweka likagwa pa simenti. Pulasitiki si yoipa yonse, pakuti ilipo yopangidwira kutentha kwakukulu, koma wopanga woona mtima amalemba dzina la pulasitikiyo. Funsaninso ngati mpweya umadutsa pafupi ndi mawaya ndi batire kapena uli ndi njira yakeyake. Safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa amene akuzemba funso limeneli mwina sakudziwa katundu wake, mwina akubisa kanthu. Mukagula, yatsani kachipangizoko kopanda kanthu pa kutentha kwapamwamba kangapo, muli pamalo opita mphepo. Kafungo ka kufakitale kayenera kutha. Ngati fungo la pulasitiki yopserera kapena la guluu likupitirira, musakaike pakamwa.

Za batire ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa kwambiri, popeza chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba tinazolowera kuwerengera maola a magetsi a ZESCO, ndipo abale a ku South Africa anaona zofanana ndi Eskom. Zipangizo zina zili ndi batire lomatiriridwa m'kati, kotero kuti likafooka pakapita zaka zingapo kachipangizo konse kamatha ntchito. Zina zimagwiritsa ntchito batire lochotseka la mtundu wa 18650, lotalika mamilimita 65 ndi kunenepa mamilimita 18, lomwe limapezekanso m'matochi ena amphamvu. Ine ndimakonda lochotseka, chifukwa mungathe kusunga lina lapadera ndi kusintha lakale. Koma batire limeneli lili ndi ngozi yake: likakhala m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo lingathe kuyaka moto ndi kupsereza ntchafu, choncho lizikhala m'kabokosi kake kapulasitiki, ndipo lija lang'ambika chikopa chake litayidwe. Musasiye kachipangizo m'galimoto yotseka padzuwa, makamaka nyengo yotentha ngati ya mwezi wa October. Sankhani kotchajira pa USB-C kuti chingwe chikatayika musavutike kupeza china.

Ziliponso zopanda batire n'komwe, monga DynaVap ya ku Wisconsin, kachitsulo kotalika ngati ndudu kamene mumakawotcha kunsonga ndi laita mpaka kalire kuti "kete", kusonyeza kuti katentha mokwanira. N'kolimba ndiponso kotsika mtengo, koma mukapitiriza kuwotcha katalira kale masamba amayaka, ndipo chitsulocho chimatentha moti n'kuwotcha zala.

Tsopano tifike pa kuchepa ndi kusaonekera. Kachipangizo kakachepa kwambiri, mtunda wa pakati pa kauvuni ndi milomo yanu umafupika, nthunzi imafika ikadali yotentha, batire limakhala laling'ono ndipo thupi lake limatentha m'dzanja. N'chifukwa chake Mighty, imene ambiri amaidandaula kuti ndi yaikulu m'thumba, imatulutsa nthunzi yozizira bwino. Kukula kwapakati, kofanana ndi foni yaing'ono yamabatani, kumakwanira anthu ambiri. Za fungo, musanamizidwe ndi amene amati kulibe. Lilipo, kungoti limatha msanga ndipo silikakamira pa zovala ndi makatani monga utsi. Kusaonekera kumene ndikukuona kukhala kwa phindu ndi kwa ulemu ndi chitetezo cha a pakhomo: kusavutitsa anansi ndi fungo, kusagwiritsa ntchito m'chipinda mmene muli ana, mayi woyembekezera kapena wodwala mphumu, ndi kutsekera kachipangizo pamodzi ndi masamba ake pamalo pamene mwana sangafike. Pa chifukwa chimenechi funani kokhala ndi loko ya mabatani ndi kozima kokha pakapita mphindi zochepa, pakuti kooneka ngati choseweretsa kamakopa manja a ana.

Musanalipire, gwirani kachipangizoko ndi kuyesa kukamasula. Phula la masamba limamatirira pa tisefa ndi m'kamlomo, ndipo pakapita nthawi mpweya umavuta kukoka. Ngati zigawo zake zimachoka mosavuta, kabulashi ndi spiriti ya isopropyl zimakwanira kutsuka galasi ndi chitsulo, malinga muumitse bwino musanayatse. Funsani ngati tisefa ndi timphira tosinthira timapezeka. Mitengo imayambira pa madola osakwana 100 kufika pafupifupi madola 400, ndipo mayina otchuka ali ndi zofanizira zambiri zachinyengo. Mukaona chinthu cha dzina lalikulu pa theka la mtengo wake, chopanda nambala yake ndi chikalata cha chitsimikizo, dziwani kuti simukudziwa chitsulo ndi guluu zimene zili m'kati.

Chimene vaporizer imachepetsa ndi zoipa za utsi zokha. THC imakhala yomweyo, ndipo kafukufuku wa pa yunivesite ya Johns Hopkins wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti kwa anthu osazolowera, mlingo womwewo wa chamba umaledzeretsa kwambiri ukakokedwa ngati nthunzi kuposa ukasutidwa. Motero woyamba athire pang'ono, akoke kamodzi, ndipo adikire mphindi 15 asanaganize zowonjezera; asayendetse galimoto kapena njinga yamoto pambuyo pake. Achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe mpaka zaka za m'ma 25, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala mtima, ndiponso aliyense amene m'banja mwake muli matenda a maganizo ayenera kutalikirana nacho kotheratu, kaya ndi utsi kaya ndi nthunzi. Amene akufuna chamba chifukwa cha ululu kapena kusowa tulo ayambe waonana ndi dokotala, makamaka ngati akumwa kale mankhwala ena monga ma ARV. Ndipo ngati m'bale wanu wayamba kumva mawu osamveka kwa ena, kukayikira aliyense kapena kulephera kugona popanda chamba, mutengereni ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku chipatala chapafupi, kumene angathe kumutumiza ku Chainama ku Lusaka ngati pakufunika kutero.

Mayeso omaliza a kachipangizo kamene mwasankha ali m'zotsalira. Masamba akhale ouma bwino, opanda nkhungu, operedwa mwapakatikati ndi osatsenderezedwa kwambiri m'kauvuni. Mukamaliza, khuthulirani papepala loyera. Akatuluka ofiirira mofanana ponseponse, kachipangizo kakugwira ntchito yake. Akatuluka akuda mbali imodzi ndi obiriwira mbali ina, takasani pakatikati ulendo wotsatira. Mukapeza phulusa loyera pamene munaika madigiri osapitirira 200, manambala a pa kagalasi ndi abodza, ndipo kachipangizoko kabwezedwe kwa wogulitsa nthawi ya chitsimikizo isanathe.