Musanabweretse hatchi pakhomo

Anzanga amene mwakopeka ndi mahatchi a pamwamba pa phiri la Zomba, yambani mwadzifunsa kuti mu Okutobala, kutchire kutapsa, mudzaidyetsa chiyani. Hatchi yolemera makilogalamu 400 imadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 8 patsiku, madzi malita 25 kapena kuposa kukatentha. Mwetani udzu mvula ikamatha, uume bwino, muusunge pathandala. Wachuku tayani, musaumvere chisoni.

Pamadeya ndiye samalani zedi. Hatchi siisanza, choncho ikadya madeya ambiri nthawi imodzi m'mimba mumapotokola, mwina mpaka kufa. Muziipatsa pang'onopang'ono. Chakudya cha nkhuku isanunkhize n'komwe, china chimakhala ndi mankhwala amene kwa hatchi ndi poizoni.

Khola likhale ndi denga, pansi posadikha madzi, mvula ya kuno mukuidziwa nokha. Waya waminga ayi, imadzicheka ikadzidzimuka. Mangani mpanda wa milimo ya bulugama.

Choopsa kwambiri m'dzinja ndi African horse sickness, nthenda yopha msanga. Imafala ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha. Hatchi itsekereni m'khola dzuwa lisanalowe, muitulutse kutacha bwino, ndipo za katemera mukambirane ndi alangizi a ziweto hatchiyo isanafike. Nkhupakupa muzizifufuza tsiku ndi tsiku, makamaka m'makutu ndi kunsi kwa mchira.

Ziboda zimadulidwa pakatha masabata 6 mpaka 8, ndiye pezeranitu wodziwa ntchitoyi. Ndipo hatchi imasungulumwa ikakhala yokha. Ngati yachiwiri simungathe, bulu amaichezetsa ndithu.