Ngati Mukufuna Digiri Yoyendetsa Mpira, Yambani Kuthandiza Timu Panopa

Achinyamata ambiri amalakalaka kuphunzira za kayendetsedwe ka masewera ku yunivesite poganiza kuti akangomaliza, ntchito ku FAM kapena ku timu ya mu Super League iwapeza yokha. Ayi ndithu. Mipando ndi yochepa, ndipo amaitana munthu amene adamuonapo akugwira ntchito.

Choncho musadikire digiri. Chaka choyamba chomwecho pezani timu ya m'dera lanu, ngakhale yosewera pabwalo la fumbi, mudzipereke. Lembani maakaunti a ndalama zapageti, sungani makontirakiti, lembetsani osewera. Ntchito zimenezi anthu amazithawa, koma ndi zimene matimu amapunthwa nazo pofuna laisensi, chilolezo chosewerera mu ligi.

Pa kulembetsa apa ndiimepo pang'ono, chifukwa zimandiwawa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontirakiti, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ngati mwanayo sadalembetsedwe, umboni ulibe, ndalamazo zimangodutsa. Wophunzira amene akudziwa zimenezi ndi wofunika ku timu iliyonse.

M'kalasi, musanyozere maphunziro a malamulo, maakaunti ndi kusaka othandiza timu ndi ndalama. Chifalansa chiphunzireninso, chimagwira ntchito kwambiri ku CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa.

Ofuna kupitiriza kunja, FIFA Master, digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka masewera, imachitikira ku Leicester (England), Milan (Italy) ndi Neuchâtel (Switzerland). Kumenekonso amayang'ana zimene mudagwirapo kale, choncho sungani makalata a umboni kuchokera ku timu iliyonse imene mwathandiza.