Musanalembe fluoxetine, funsani za tulo

Miyezi ino kukubwerera achinyamata kuchipatala ali osagona, akulankhula osapuma, makolo atagwira njakata. Mukaona zomwe zinalembedwa ulendo woyamba, nkhani ndi imodzi: mwana anabwera ali ndwii atasiya sukulu, wachipatala n'kuti ndi matenda ovutika maganizo, n'kupereka mankhwala a matendawo, fluoxetine kapena amitriptyline, basi.

Anzanga azaumoyo, bipolar, matenda amene munthu amasinthasintha pakati pa kuvutika maganizo ndi kusangalala mopitirira, nthawi zambiri imayamba ndi kuvutika maganizo komweko. Mwana wa zaka 16 sangadzadandaule kuti mwezi wina anali wosangalala mopitirira. Kwa iye amenewo anali masiku abwino. Mukapanda kufunsa simumva, ndipo mankhwalawa akaperekedwa paokha atha kumudzutsira mania, ndiye kuti nyengo ya chisangalalo ndi mphamvu zopitirira muyeso. Amitriptyline ndiye ayi ndithu: kwa achinyamata sathandiza kwenikweni, ndipo mwana akamwa ambiri nthawi imodzi mtima utha kuima.

Funso loti "Umagona bwino?" lilekeni, aliyense wovutika maganizo ayankha kuti ayi. Funsani kuti, "Inalipo nthawi imene unkagona maola atatu okha, n'kudzuka uli ndi mphamvu, osatopa?" Wosowa tulo amalifuna koma silibwera, pamene wa mania salifuna n'komwe. Kenako masiku: buku la DSM-5, limene madokotala a matenda a maganizo amatsatira, limati zizindikiro zikhale masiku 4 otsatizana pa hypomania (mania yocheperako), masiku 7 pa mania, kapena ochepera apo ngati wafika pogonekedwa. Kupsa mtima kwa madzulo amodzi si bipolar.

Mlimi wina anathokoza kuti mankhwala agwira, poti mwana wake ankadzuka pakati pa usiku n'kukalima akuimba. Sipanathe sabata, mwanayo anagulitsa mbewu yonse kuti akayambe bizinesi yaikulu imene inali m'mutu mwake mokha. Nanga tizingotibe "ndi unamwali" kapena "ndi chamba" mpaka liti? Za chamba funsani ndithu, za mankhwala a prednisolone ndi matenda a chithokomiro chimodzimodzi, poti zonsezi zitha kubweretsa zizindikiro ngati za mania, koma wosuta naye atha kukhala ndi bipolar.

Kholo mulifunse palokha, makamaka ngati kubanja kuli wina wa bipolar. Mwana mumfunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Mukayambitsa fluoxetine, muonaneninso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zizindikiro za mania zikaoneka imitsani mankhwalawo, mumutumize kwa dokotala wa matenda a maganizo. Lithium, mankhwala a bipolar, amafuna kuyeza magazi, impso ndi chithokomiro. Valproate, mankhwala enanso a bipolar, musapatse mtsikana woti atha kutenga pakati, amapundula mwana m'mimba.