Momwe mungachotsere ng'ala yofufuma kathumba osang'ambika

Agogo athu ambiri kuno ku Harare, makamaka aja anakalambira m'mafamu ndi a ku Epworth, amabwera ng'ala itayereratu mbee, diso likungoona kuwala basi. Ng'ala yotere imakhala itamwa madzi, mkati mwa kathumba ka lenzi muli presha, siyochita nayo phuma.

Yambani ndi tochi muone ngati akuloza komwe kuwala kukuchokera. Yezani presha ya diso, ikapitirira 21 mmHg mufunse chifukwa, ikakwera kwambiri perekani mannitol 20%, mankhwala otsitsa presha, pa diripi musanalowe mu fiyeta. Jambulani ndi B-scan, sikani younikira mkati mwa diso, ngati ilipo, poti kumbuyo kwa diso simungaoneko. Zobaya dzanzi ndi ayodini mukuzidziwa kale.

Potsegula kathumba ndi pomwe ndinaonera zakuda ine. Tsiku lina pa diso la agogo ena ndinapaka trypan blue, utoto wabuluu woonetsa kathumba, bwinobwino, ndikangoti ndiboole, kathumba kanang'ambika kokha mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto ndisanaphethire nkomwe, buluu uku, buluu uko, pakati poyera. Ndi chija amati Argentinian flag sign poti chimafanana ndi mbendera ya Argentina, ndipo thukuta lake musafunse, mng'alu ukazungulira kumbuyo lenzi itha kugwera mkati. Agogowo anapulumuka koma ndinatuluka miyendo ili zii.

Chilakwireni tsiku lija ndimatere: dzadzani viscoelastic yolimba, mankhwala aja onga jeli, kutsogolo kwa lenzi mpaka kathumba kaphwatalale, kabala kolowera kakhale kakang'ono kuti isathawe. Boolani pakati penipeni ndi singano ya 27G ili pa sirinji, nthawi yomweyo kokani madzi amkakawo, kanikizani lenzi pang'ono kuti obisala kumbuyo abwerenso, ambiri timaiwala amenewo. Onjezerani viscoelastic. Kenaka dulani bwalo laling'ono pa kathumba kaye, mudzalikulitsa presha itatha. Osafuna lalikulu kamodzinkamodzi.

Paja viscoelastic ndi utotowo samalani nawo anyamata ogulitsa oyenda ndi chikwama aja, amati mtengo wabwino bola madola a m'manja, koma deti pabokosi yofufutika ndipo zina zimangoyenderera ngati madzi. Ndalama yomwe mwapulumutsayo mudzailipira patebulo.

Zotsalazi ndi zamasiku onse. Mtima wa ng'ala ukakhala wolimba ine phaco, yophwanya ng'ala ndi makina, ndimaisiya, ndimapita SICS, yochotsa ng'ala pamanja, bala la mamilimita 6 kapena 7, kuutulutsa wonse, hydrodissection, kulekanitsa lenzi ndi kathumba ndi madzi, pang'ono kwambiri kapena ayi. Tsukani zotsalira, lowetsani lenzi yatsopano, chotsani viscoelastic yonse, phimbani. Mawa lake muwaone, ndipo adzukulu muwauze za madontho komanso kuti agogo asatikite disolo.